Funsani Alangizi: Geni ya pa Foni Yakula, Kodi Ndisiye Ntchito?

Mwezi uno talandira makalata ambiri ochokera m'maboma a Salima ndi Nkhotakota, ndipo ochuluka akukhudza malonda a pa foni. Tasankhapo atatu omwe akuzungulira nkhani imodzi, ya munthu amene anayamba kageni ka pambali ali pantchito ndipo tsopano akufuna kuti kageniko kakhale ntchito yake yeniyeni, kapena wasiya kale ntchito chifukwa cha geni. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba tawabisa monga anapemphera.

FUNSO

Alangizi, ine ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina kuno ku Salima. Zaka ziwiri zapitazo ndinayamba kugulitsa mpunga wa Kilombero ndi usipa wouma kudzera pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mpunga ndimagula kwa alimi a ku Lifuwu ndi ena a ku Nkhotakota, usipa ndimapikula ku Senga Bay, ndipo ogula anga ambiri ali ku Lilongwe, kumene ndimatumiza katundu Lachisanu lililonse atalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti chaka chino, ndalama zolowa kudzera m'geniyi zaposa malipiro anga kawiri mwezi uliwonse. Koma ndatopa, chifukwa ndimayankha mauthenga mpaka pakati pa usiku, ndipo abwana anga ayamba kudandaula kuti foni sichoka m'manja mwanga. Bambo a kunyumba akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndisankhe chimodzi, pamene mayi anga akuti ntchito siisiyidwa. Kodi nthawi yakwana yoti ndisiye ntchito n'kulimbikira bizinesi yokha?

Mayi wa ku Kamuzu Road, Salima

YANKHO

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukuyamikirani, popeza kupeza anthu a ku Lilongwe amene amatumiza ndalama kwa munthu yemwe sanamuonepo ndi maso si chinthu chapafupi masiku ano pamene akuba a pa foni achuluka chonchi. Chikhulupiriro chimenecho mwachigwirira ntchito ndipo muchisamale. Komabe yankho langa ndi lakuti musasiye ntchito panopa. Sindikunena kuti musadzasiye, ndiponso sindikuvomereza kuti ntchito siisiyidwa, koma chifukwa chimene mwapereka, chakuti ndalama zolowa zaposa malipiro anu kawiri, sichinakwane kuti mulembere kalata yotsanzika.

Ndalama zolowa mu foni si zanu zonse. Tiyerekeze kuti mwagulitsa mpunga wa K100,000. Gawo lalikulu la ndalamazi ndi la mlimi amene anakugulitsani mpunga wosapuntha, ndipo mukudziwa bwino kuti pa makilogalamu 100 amene mwapita nawo kuchigayo mumabwerako ndi 60 kapena 70 okha, enawo atathera m'mankhusu ndi m'madeya, komanso mwa otsalawo muli mpunga wosweka umene kasitomala wa ku Area 47 sangaulandire pa mtengo wa Kilombero wabwino. Chotsaniponso ndalama ya chigayo, ya matumba ndi mapaketi, ya wakabaza wonyamula katundu kukafika pa siteji, ya galimoto yodutsa msewu wa M14, ya munthu wokalandira katunduyo ku Lilongwe, ndi ija imadulidwa mukamatapa ndalama kwa ejenti. Ngati pa K100,000 patsala K15,000, ndiye kuti malonda oposa malipiro anu kawiri akukupatsani phindu losafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a malipirowo. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ndipo anu enieni akhoza kukhala abwinopo, koma m'kalata yanu mwatchula zolowa zokha, zomwe zikundipatsa chithunzi chakuti phindu lenilenilo simunaliwerengere.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri ochita geni ali pantchito sachiona, ndipo ndicho ndikufuna muchigwiritsitse koposa zonse. Kwa zaka ziwiri zimenezi malipiro anu akhala akuinyamula bizinesiyi mwakachetechete. Bandulo ya intaneti mumagula ndi ndalama ya malipiro. Foni imene mumajambulira zithunzi za mpunga inagulidwa ndi malipiro. Chipinda chimene mumasungiramo matumba chili m'nyumba imene lendi yake imachokera ku malipiro, ndipo tsiku limene usipa unachita nkhungu kapena kasitomala anasowa ndi ngongole, munangodikira kuti mwezi uthe n'kubwezeretsa mpamba osalemba paliponse. Mukasiya ntchito, zonsezi zidzagwera pa mpunga ndi usipa womwewo, pamodzi ndi ufa wa panyumba, sopo, fizi ya ana ndi chithandizo chimene mumatumiza kwa mayi anu.

Choncho musanasankhe, iyeseni kaye bizinesiyi. Pezani nambala ya foni yapadera ya malonda okhaokha, yokhala ndi Airtel Money kapena Mpamba yakeyake, kuti ndalama ya geni isasakanikirane ndi ya ndiwo. Gulani kope lachikuto cholimba ndipo muzilembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka, ngakhale mbale ya mpunga imene mwatapa kuti muphikire alendo. Kenaka dziikireni malipiro a pamwezi ochokera m'bizinesi, ofanana ndi ndalama imene banja lanu limadalira kuchokera kwa inu, ndipo muzikhalira ndalama imeneyo yokha. Malipiro a kuntchito musawakhudze, koma muziwasunga ku banki kapena ku SACCO, bungwe losunga ndi kukongoza ndalama. Mukatero mudzakhala mukulawa moyo wa munthu wosiya ntchito pamene ntchitoyo ikadali m'manja, ndipo ngati bizinesi yalephera kukulipirani mwezi wina, mudzadziwa zoona zake ana asanagone ndi njala. Ikakwanitsa, ndalama zomwe mwakhala mukusungazo zidzakhala zokutetezani kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, zomwe munthu aliyense wosiya ntchito ayenera kukhala nazo pambali.

Kuyesaku kuyenera kudutsa nyengo ya dzinja, chifukwa miyezi imene mwatchulayo ndi imene malonda a mpunga amakomera aliyense. Alimi amakhala atangokolola kumene, mtengo wa pamunda umakhala wotsika, misewu imakhala youma ndipo anthu amakhala ndi kangachepe m'thumba. Chofunika kudziwa n'chakuti bizinesi yanu imaoneka bwanji kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene mpunga wasowa ndipo mtengo wake wakwera, pamene ogula anu akulimbana ndi fizi, feteleza ndi chimanga chodula, ndiponso pamene usipa ukukanika kuuma pa thandala chifukwa cha mvula. Nsomba nazo zili ndi nyengo zake. Chilumba cha Mbenje, chomwe chili m'manja mwa mfumu yaikulu Makanjira, chimatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo chaka chilichonse. Mwera ukalimba m'miyezi yozizira asodzi salowa panyanja. Ndipo mwezi ukawala usipa suphedwa wochuluka, popeza asodzi amaukopa ndi nyali usiku wamdima. Onjezeranipo nkhani ya misewu. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anaononga midzi ya ku Dwangwa n'kudula msewu wa M5, ndipo aliyense wodalira katundu wodutsa kumeneko anaima kaye. Wamalipiro amalandirabe ndalama yake mwezi wotere, koma wageni amadya zimene anasunga.

Mpamba wa bizinesi yanu muziuwerengera m'matumba, osati m'makwacha. Ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. M'nyengo yotere munthu akhoza kuona manambala akukula mu foni pamene bizinesi yake ikufota. Ngati chaka chatha mpamba wanu unkagula matumba 20 ndipo chaka chino ukugula 16, mwabwerera m'mbuyo ngakhale makwacha achuluke chotani. Pa chifukwa chomwechi, mtengo wogulitsira uzichokera pa ndalama imene idzafunike kuti mugulenso thumba lina mawa, osati pa imene munagulira mwezi watha.

Ganiziraninso zinthu zimene zimabwera ndi ntchito koma sizioneka pa ndalama yolowa m'thumba. Malinga ndi lamulo la penshoni, abwana anu amakuikirani ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro anu mwezi uliwonse, inu n'kuikapo 5 peresenti, ndipo tsiku limene mudzasiye ntchito gawo la abwanalo lidzaima. Munthu wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama ija imene amapatsidwa anthu ochotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito, choncho musaiwerengere ngati mpamba. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limafuna kuti wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo mgwirizano umene munasainira ukhoza kunena nthawi yotalikirapo, kotero uwerengeninso. Nawo mabanki amakongoza mosavuta munthu amene malipiro ake amadutsa mu akaunti kusiyana ndi wamalonda amene alibe mabuku oonetsa, ndipo apa kope lija lidzakuthandizaninso m'tsogolo.

Za abwana anu ndikuuzeni mosapsatira kuti akunena zoona. Nthawi imene akukulipirani ndi yawo, ndipo kuchotsedwa ntchito chifukwa cha foni kungakukankhireni m'bizinesi pa nthawi imene simunaisankhe, mbiri yanu itaipa kale. Apa ndi pamene mwambi wa bambo a kunyumba uli ndi mphamvu, koma chofunika si kusiya ntchito mwaphuma ayi, ndi kuika malire. WhatsApp Business imalola kuika katundu yense ndi mitengo yake pamalo amodzi kuti wogula adzionere yekha, komanso imatumiza yokha uthenga wodziwitsa anthu maola amene mumayankha. Auzeni makasitomala kuti maoda amalandiridwa mpaka Lachitatu madzulo ndipo katundu amanyamuka Lachisanu. Anthu amazolowera dongosolo msanga kuposa mmene timaganizira, ndipo amalemekeza wogulitsa amene ali nalo. Ntchito yopeta mpunga, kuyeza ndi kumanga mapaketi ipatseni munthu wina, muzimulipira, ndipo malipiro akewo alowe m'kope muja. Ngati bizinesi singathe kulipira wothandiza mmodzi wa maola ochepa, ndiye kuti kukulipirani inu mwezi wathunthu kukadali patali.

Funso limene sindinalione m'kalata yanu ndi ili: mukadzasiya ntchito, maola asanu ndi atatu amene mudzapeze tsiku lililonse adzabweretsa ndalama kudzera njira iti? Kukhala pa foni nthawi yaitali sikuchulukitsa ogula, chifukwa anthu amene amaona zithunzi zanu pa WhatsApp ndi omwewo amene ali kale ndi nambala yanu. Kukula kwenikweni kudzachokera kwa ogula obwereza, monga mabanja amene mwagwirizana nawo kuti muziwatumizira makilogalamu 10 mwezi uliwonse, komanso kwa ogula zambiri nthawi imodzi, monga malo odyera, malo ogona alendo a ku Senga Bay, sukulu zogonera komweko ndi magolosale. Koma amenewa amafuna mapepala. Bizinesi iyenera kulembetsedwa m'kaundula wa boma, ndipo inu mukhale ndi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku bungwe lotolera misonkho la MRA, chiphaso cha malonda cha ku khonsolo ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina la bizinesi. Wogula zokolola kwa alimi amafunikanso chiphaso cha ku Unduna wa Zaulimi ndi sikelo yovomerezeka, ndipo mpunga woikidwa m'mapaketi olembedwa dzina kuti ukagulitsidwe m'masitolo umayenera kudutsa ku bungwe loona za miyezo la MBS. Zonsezi ziyendereni mukadali pantchito, pa masiku anu a tchuthi, popeza zimadya ndalama ndi nthawi zisanabweretse kanthu. Dziwaninso kuti ogula akuluakulu amakonda kulipira patapita masabata, ndipo oda imodzi yaikulu yochedwa kulipidwa ikhoza kumanga mpamba wanu wonse pa nthawi imene mpunga wotsika mtengo uli pamsika.

Makasitomala anu asakhale mu foni mokha. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo kupatula zotere, tsamba likhoza kutsekedwa kapena kubedwa, foni n'kugwera m'madzi pa doko. Mayina ndi manambala a ogula anu akhalenso m'kope losungidwa kunyumba. Ikani nambala yachinsinsi yachiwiri pa WhatsApp yanu, ndipo nambala yotsegulira imene imabwera pa uthenga musauze munthu aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Ngati pofika kumapeto kwa Malichi kope lanu likuonetsa kuti bizinesi yakulipirani mwezi uliwonse popanda kudya mpamba, perekani notisi mu Epulo kuti mudzakhale omasuka pamene alimi a ku Lifuwu akuyamba kukolola, mpamba uli m'manja ndipo ndalama zosunga zija zili pambali osakhudzidwa. Musanatero khalani pansi ndi bambo a kunyumba, muwaonetse kopelo ndipo mugwirizane kuti ndani adzasenza chiyani m'miyezi yoyamba. Mayi anunso aonetseni, pakuti mantha awo ndi a munthu amene waona ambiri akusiya ntchito n'kusauka, ndipo adzakhazikika mtima akadzaona kuti mwadutsa dzinja lonse osakhudza malipiro. Kope likadzakana, pitirizani ntchito ndi geni yomwe chaka china, mukukonza pamene pakudontha.

FUNSO

Alangizi, ndine mnyamata wa zaka 26 wa ku Dwangwa. Masana ndimagulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo usiku ndimakonza pa kompyuta makhadi a ukwati, mapositala a misonkhano ya mipingo ndi zikwangwani za mashopu, n'kumatumiza kwa eni ake pa WhatsApp. Ntchito ndimapeza yambiri kudzera pa tsamba langa la Facebook, mpaka ya anthu a ku Kasungu ndi ku Mzuzu, koma ambiri amalipira mochedwa ndipo anzanga amafuna ndiziwapangira ulere. Ndikufuna kukongola ndalama ku banki mkhonde ya mayi anga kuti ndigule makina osindikizira, ndichite lendi kachipinda pa boma la Nkhotakota n'kusiya ntchito ya m'sitolo. Kodi ndikulakwitsa?

Mnyamata wa ku Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO

Achimwene, luso muli nalo ndipo msika waliona, koma vuto lanu si kusowa makina. Vuto ndi lakuti mukugwira ntchito yosalipidwa bwino, ndipo makina ndi kachipinda zidzangolikulitsa, chifukwa lero kasitomala akakana kulipira mumataya tulo ta usiku umodzi, pamene mawa mudzataya mapepala, inki ndi magetsi zogulidwa ndi ndalama ya ngongole.

Yambani ndi kukonza kalipiridwe. Lembani mitengo yanu poyera pa tsamba lanu kuti munthu asamabwere ndi mtengo wakewake. Theka la ndalama lizilowa ntchito isanayambe, chithunzi choyamba chopita kwa kasitomala chizikhala chaching'ono ndi chodindidwa dzina lanu pakati, ndipo chenicheni choyenera kusindikizidwa chizipita ndalama yonse itakwana. Nenaninso pachiyambi kuti kusintha n'kawiri kokha ndipo kupitirira apo n'kolipira, popeza makomiti a ukwati amasintha maganizo kawirikawiri ndipo kusintha kulikonse kumadya nthawi yanu. Ena adzakuthawani, koma ambiri mwa amenewo ndi omwe ankavuta kale polipira. Kunena za anzanu, sankhani nokha ntchito imodzi kapena ziwiri pachaka zimene mungapereke ngati mphatso, monga ya pamaliro kapena ya mpingo wanu, ndipo pa zinazo atchulireni mtengo mwaulemu.

Pa za ngongole ndikuchenjezeni kwambiri. Banki mkhonde imayenera geni yothamanga, yogula lero n'kugulitsa sabata yomweyo, ndipo chiwongola dzanja chake chimawerengedwa pamwezi. Tiyerekeze kuti gulu la mayi anu limaika 20 peresenti pamwezi. Pa ngongole ya K1,000,000 mudzafunika K200,000 ya chiwongola dzanja chokha mwezi woyamba, lendi musanalipire ndiponso inki musanagule. Makina amabweza ndalama yake pang'onopang'ono kwa chaka kapena ziwiri, choncho ngongole ya mtundu umenewu siigwirizana nawo. Chowawa kwambiri n'chakuti ngongoleyo idzakhala m'dzina la mayi anu, ndipo mukadzalephera, gulu lidzapita kukanyamula katundu wa m'nyumba mwawo, osati mwanu, iwo n'kuchita manyazi pakati pa amayi anzawo. Ngakhale ku mabanki akuluakulu ndalama ndi yodula, pakuti Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo pa nthawiyo wamalonda wamng'ono sakanayembekezera kukongozedwa pa mlingo wotsikirapo. Katapila musayerekeze n'komwe.

Kumbukiraninso kuti inki, mapepala apamwamba ndi zipangizo zokonzera makina zimachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsatira ndalama zakunja. Magetsi nawo ndi ofunika kuwaganizira. Pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuzimazima kunavutitsa aliyense wodalira makina. Laputopu ikhoza kuyenda ndi batire kapena sola yaing'ono, koma makina akuluakulu osindikizira sangatero.

Njira imene ndikuiona yabwino ndi yogwirizana ndi wosindikiza amene alipo kale ku Nkhotakota, ku Salima kapena ku Lilongwe, kuti akupatseni mtengo wopikulira inu n'kumaikapo yanu pamwamba. Mukadzaona kwa miyezi ingapo kuti ndalama imene mukupereka kwa iye mwezi uliwonse ikuposa imene makina anuanu akanadya, pamenepo gulani, ndipo mugule ndi ndalama yosunga nokha. Kachipinda kadikire, popeza ogula a ku Kasungu ndi ku Mzuzu sadzabwera kudzagogoda pa chitseko chanu. Musathamangirenso kuchoka ku Dwangwa, komwe ndalama imayenda bwino m'nyengo yodula nzimbe, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala, nyengo yomwenso maukwati amachuluka. Ntchito ya m'sitolo igwirenibe mpaka mutadutsa miyezi ya mvula mukulipidwa ndi luso lanu, ndipo adziwitseni abwana anu zimene mumachita usiku, chifukwa omanga ndi eni mashopu amene amabwera kudzagula simenti ndi malata ndi omwewo ofuna zikwangwani, ndipo ndi bwino kuwapatsa nambala yanu abwanawo atavomereza.

FUNSO

Alangizi, ine ndinasiya kale. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina yomwe si ya boma, ndipo chaka chatha ndinasiya kuti ndizigulitsa zitenje ndi zovala za kaunjika pa Facebook. Poyamba zinkayenda, koma tsopano mpamba watsala theka. Achibale amatenga katundu pa ngongole osabweza, ndipo posachedwapa munthu wina ananditumizira uthenga wooneka ngati wa ndalama, ine n'kumutumizira zitenje zisanu, koma ndalamayo kunalibe. Kubwerera kuntchito ndikuchita manyazi. Ndichite chiyani?

Mayi wa ku Chipoka, Salima

YANKHO

Achemwali, pepani chifukwa cha zimene zakuonekerani. Manyazi achotseni, pakuti kubwerera kuntchito, ngakhale ya maola ochepa monga kuphunzitsa ana masana akaweruka kusukulu, kudzapumitsa mpamba wotsalawo kuti usamathere ku ndiwo ndi sopo, ndipo imeneyo ndiyo njira yachangu yopulumutsira bizinesi yanu. Uphunzitsi ndi luso limene muli nalo kale ndipo silifuna mpamba.

Sabata ino werengani katundu yense amene muli naye pa mtengo umene angagulidwe lero, ndipo zovala zimene zakhalitsa zitsitseni mtengo kuti zisanduke ndalama. Lembani aliyense amene ali ndi ngongole yanu, kuchuluka kwake ndi tsiku limene analonjeza. Achibale auzeni pamaso, mwaulemu koma momveka, kuti katunduyo ndiye chakudya cha pakhomo panu, ndipo ngati mukuona kuti mawu anu sangamveke, pemphani amalume kapena wamkulu wina wa m'banja kuti akhalepo. Kuyambira pano katundu asatuluke m'nyumba ndalama isanalowe, kaya wotenga ndi ndani. Pamene mpamba wachepa chonchi, belo lathunthu la kaunjika lipeweni, chifukwa za m'kati mwake zimadziwika litatsegulidwa kale. Ndi bwino kusankha zovala chimodzichimodzi kwa otsegula mabelo. Zitenje muzionetsa kaye zithunzi, wofuna alipireko gawo lina, kenaka mukapikule zimene zili kale ndi mwini wake.

Pa za uthenga wabodza uja, akuba amadziwa kulemba uthenga wofanana ndendende ndi wa kampani, choncho musamakhulupirire uthenga kapena chithunzi chimene wogula wakutumizirani, ngakhale akufulumizitseni kuti minibasi ikunyamuka. Lowani nokha mu akaunti yanu, pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena pa *444# ngati ndi Mpamba, muone ngati ndalama yaonjezekeradi, kenaka mutumize katundu. Nkhani ya zitenje zisanuzo kaineneni ku polisi ndi ku ofesi ya kampani ya foni, mutatenga nambala ya munthuyo ndi mauthenga onse osafufuta ngakhale umodzi, komanso dzina la malo amene katunduyo anakatsikira. Kubera munthu mwachinyengo chotere ndi mlandu, ndipo nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, kotero apolisi ali ndi poyambira kufufuza ndipo kampani ikhoza kuitseka nambalayo.